Chitsime cha Apongozi

Pakhomo pa a Nachisale, kuseri kwa Kabudula uko, Tsiku la Anakubala silinali logona mpaka dzuwa kukupeza pamphasa. Nkhuku zisanatsike mumtengo, mwana wawo Olive anali atasesa kale bwalo, thobwa lili m'ndowa, simbi ya makala ikuyenda pachitenje chatsopano chimene anawagulira mayi akewo. Chaka chimenecho midzi isanu inapangana zokumana pabwalo la mpira: amayi kuvina chimtali, abambo kupikisana mganda, atsikana kuponya mpira wamanja. Ngakhale mbuzi zinkaoneka kuti zamva zoti kuli chinachake.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankasita zovala. Ameneyu anali a Misheck, mwamuna wa Olive, mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ina yapafupi. Kwawo kunali ku Dedza, kumapiri, ndipo kuno anali pachikamwini chaka chachisanu ndi chimodzi. Munthu wabwino ndithu, ndisawanamizire: mowa sankalawa, ndewu sankaidziwa, mwana wawo Pamela ankamubereka kumsana anthu akuona. Koma kachilema kamodzi anali nako. Kufunsa ankakuona ngati kuvula malaya pamsika. Tsiku lonse ankakhalira kupanikiza ana a eni ndi mafunso, koma iwo eni akasochera njira ankalolera kuzungulira mudzi kawiri kusiyana n'kuimitsa munthu.

Ndi apongozi awo ankalemekezana mwachikale. Akakumana panjira, wina ankapatukira kuudzu. A Nachisale akakhala ndi mawu ankauza Olive, ngakhale a Misheck ali pomwepo akumva zonse, ndipo yankho linkabwerera njira yomweyo. Zaka zonsezo anthu awiriwa anali asanayankhulanepo maso ndi maso.

Koma a Misheck ankawakonda mayiwo, ndipo chinthu chimodzi chinkawawawa mumtima. M'dimba la a Nachisale, m'dambo la Kanyerere, munali chitsime, dzenje lotambalala lofika munthu m'khosi, la masitepe osema m'mbali. Mabanja atatu ankathirira chitsime chimenecho. Mwezi wa Okutobala ukafika chinkayamba kuumira: ukatunga makheni makumi awiri, basi, khala pansi udikire madzi adzikundikenso. Kangapo konse a Misheck, pochokera kusukulu, anawaonera patali apongozi awo atakhala pamphepete pa dzenjelo, kheni pambali, dzuwa likuwawotcha, akudikira madzi. Chaka chimenecho mayiwo anali ndi mabedi khumi ndi anayi a anyezi amene anali atangoyamba kuika mitu. Anyezi ameneyo ndiye anali feteleza wa kumunda, ndiyenso anali sopo ndi mchere mpaka kukolola. Pa dzuwa la mwezi umenewo, masiku awiri osathirira anali okwanira kumugoneka yense.

Panalinso kena. Mlamu wawo Eric, mchimwene wake wa Olive, woimba ng'oma yaikulu ya mganda, sankatopa kuwaseka kuti ali ndi manja a choko. Zinali za chilamu chabe, koma zinkalowa.

M'mawa umenewo a Misheck anatuluka atavala kabudula wong'ambika, piki ndi fosholo paphewa.

"Simuvala kodi?" anafunsa Olive. "Chimtalitu chiyamba teni koloko."

"Tsogolani. Ndikathirire kaye kudimba, amayi apume lero."

"Nanga piki ndi fosholo n'zothirira?"

"Iwe wagula chitenje. Nanenso ndili ndi mphatso yanga."

"Mphatso yanji?"

"Ukaona."

Olive anaganiza kuti mwina akukakonza mabedi atsopano. Anangoti, "Musachedwetu," n'kubwerera kusimbi yake. Apa ndiye panali pofunsira, abale. Mawu asanu okha akanakwana. Koma a Misheck anali atachita kale masamu awo m'mutu: kwawo ku Dedza chitsime chikaphwa amachikumba, ndipo ukamapita pansi m'pamene madzi amachuluka. Nanga nthaka ya ku Kabudula inaphunzira sukulu ina?

Kudimba kunali kokoma, zimenezo n'zosatsutsa. Dambo lonse linali zii, eni ake ali kalikiliki kusamba ndi kudzola. Mame anali asanaume pamasamba a mpiru. Kunalibe belu, kunalibe kaundula, kunalibe mwana wokweza dzanja kuti akufuna kutuluka. A Misheck anavula nsapato n'kuponda dothi lozizira, ndipo anamva mtima kukhala pansi. Anazula udzu m'mabedi a anyezi, anamangirira tomato amene anagwa, anathyola mmodzi wakupsa n'kumudya ataimirira, madzi ake akutsikira m'chigongono. Anayamba kuimba nyimbo za kwawo zimene anali asanaimbe chikwatirire. Kenaka anatenga makheni awiri n'kuthirira, osati mabedi a apongozi awo okha, komanso a mabanja awiri aja, mpaka chitsime chinatsala matope okhaokha. Iwo ndiye ankafuna zomwezo. Analavulira m'manja n'kutsikiramo.

Pansi pa chitsimecho panali makande, dongo lakuda lija la m'dambo, lomata ngati ulimbo. Piki ikalowa inkakana kutuluka. Anakumba, anaponya kunja, anakumbanso. Thukuta linawalowa m'maso, matope anawakwera mpaka m'tsitsi. Kubwalo la mpira ng'oma zinayamba kulira, koma iwo anangomwetulira. Ankaona kale m'maganizo a Nachisale akubwera madzulo, kupeza madzi ali thoo, n'kutembenukira kwa Olive kuti, "Uwauze kuti ndathokoza." Ankamuonanso Eric atasowa chonena.

Atakumba ngati mkono ndi theka, piki inangoti fwe, kulowa mosavuta. Pansi pake panali mchenga woyera wosakanikirana ndi timiyala.

"Eyaa! Tafika," anatero okhaokha.

Anakuza bowolo mpaka kukula ngati lichero, n'kukwera pamwamba kukakhala pamthunzi wa bango kudikira kuti madzi atumphuke. Anadikira. Anatsika kukasuzumira. M'mbali mwa chitsime madzi ankatuluka ndithu monga mwa masiku onse, timizere tonyezimira totsika ndi khoma. Koma akafika pakati, pamchenga paja, ankangolowa n'kuzimirira. Anadikiranso ola lathunthu. Pamchenga panali ponyowa, koma madzi oti n'kumwa nkhuku panalibe.

Apa m'pamene mutu wa mphunzitsi unayamba kugwira ntchito, mochedwa. Madzi a m'dambo limenelo sankachokera pansi. Ankachokera m'mbali, ndipo makande aja ndiwo ankawagwira kuti asathawe. Chitsimecho chinali mbale, ndipo iwo anali ataiboola.

Mayo ine! Analumphiramo n'kuyamba kubwezera zibuma za dongo pabowo paja, kupondaponda ndi mapazi. Madzi anadzera m'mipata. Anathamanga kukazula udzu, kutsendera, kuikapo dongo lina. Madzi anaima pang'ono ngati akuganiza, kenaka anapita. Anapeza thumba la feteleza lakale pampanda, anayala, anasanjikapo miyala. Zosathandiza. Dzuwa linafika paliwombo iwo ali m'dzenje, akuchonderera nthaka ngati imamva.

Kenaka linabwera ganizo lija limabwerera munthu aliyense akalakwa popanda womuona. Dambo lonse linali lopanda munthu. Akanatha kumwaza mulu wa makandewo m'bango, kubisa piki, kukasamba kumjigo, kuvala malaya oyera n'kukaima pabwalo la mpira ngati wina aliyense. Madzulo anthu akanati dzuwa lachita kunyanya chaka chino. Ndipo ndinene zoona, anayamba ndithu. Fosholo yoyamba inapita m'bango. Yachiwiri inapita. Yachitatu inawalemera. Anayang'ana mabedi a anyezi aja, masamba ali chilili, obiriwira, osadziwa kuti madzi amene amwa m'mawawo mwina ndi omaliza. Anaganiza za mayi uja atakhala pamphepete pa dzenje ndi kheni yake, kudikira madzi amene sadzabwera, osadziwa chifukwa chake. Anachita manyazi aakulu kuposa oyamba aja. Anaponya fosholo pansi n'kuuyamba ulendo wa kubwalo, osasamba, chifukwa ngakhale osambawo akanawatenga kuti?

Kubwalo kunali kutayaka moto. Fumbi linali koboo. Njinga za kabaza zinali mbwee pansi pa mitengo, chiwaya chikulira, amayi a zitumbuwa ndi mafulizesi akuitanira malonda. Pakati pa bwalo chimtali chinali chitagwira. Amayi a m'mudzi mwawo anazungulira ng'oma atavala zitenje zofanana, ndipo woyambitsa nyimbo anali a Nachisale, chitenje chatsopano chili m'chiuno, akudula chiuno ngati alibe zidzukulu. Anthu ataona munthu wakuda bii ndi matope, maso okha akuyera, anayamba kupatuka. Ana ena anathawa.

Woyamba kuwazindikira anali Eric, amene anali ndi anzake a mganda pambali, onse atavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo.

"Aa! Alamu! Kodi ndinu? Gule ameneyu sitinamuitanetu lero. Ndi wa kwanu ku Dedza?"

Anzake anafa nacho chikhakhali. A Misheck anaima kumapeto kwa bwalo n'kumukodola Olive. Iye anatuluka mumzere akupukuta thukuta, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kumwetulira kunatha. Matope akuda otero m'dera lonselo ankapezeka malo amodzi.

"Bambo a Pamela, musandiuze kuti mwakumba chitsime."

"Ndimafuna chizame."

"Mwaboola makande?"

Anangogwedeza mutu. Olive anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Bwanji osandifunsa? Si ndinakufunsani ine za piki?"

"Ndimafuna kuwadzidzimutsa amayi."

"Ndiye mwawadzidzimutsadi."

Nyimbo inali itaduka. A Nachisale anabwera n'kuima chapatali pang'ono, atapereka mbali, maso ali kumitengo. Olive anawafotokozera motsitsa mawu. A Misheck anagwada pafumbi pomwepo, mphunzitsi wathunthu, ana a m'kalasi mwawo akuonerera.

"Olive," anatero a Nachisale, "uwafunse, aboola liti?"

"Akuti mwaboola liti?"

"M'mawa womwe uno."

"Uwafunse, bowolo n'lalikulu bwanji?"

"Ngati lichero," anayankha a Misheck, Olive asanabwereze.

"Uwafunse, khoma lagumuka?"

"Ayi, lili bwino."

A Nachisale anapuma mozama. Kenaka, anthu onse akudabwa, mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka, misozi ili m'maso, ndipo sizinkadziwika kuti misoziyo ndi ya kuseka kapena ya china.

"Amuna inu, Mulungu anakuumbani ndi dongo limodzi. Olive, uwauze. Nthochi zija zili pangodya ya dimba, akudziwa chimene zinamerera pamenepo? Chinali chitsime chimenecho. Anachiboola ndi malemu bambo ako, iwe uli kumsana. Nawonso ankati andithandize. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anabisa. Masiku atatu akundiuza kuti n'dzuwa, mpaka khoma linauma, linang'aluka, linagwera mkati. Chaka chimenecho tinadya therere mpaka Febuluwale. Mudzi wonse nkhaniyi ukuidziwa. Ngakhale Pamela, utamufunsa, akuuza kuti makande saboola."

"N'zoona, alamu," anatero Eric, nkhope itasintha. "Ifetu timayesa mukudziwa."

A Misheck anaweramitsa mutu. Zaka zisanu ndi chimodzi akudya nthochi zimenezo!

"Ndiye titani, amayi?" anafunsa Olive.

"Poti abwera lero lomwe, mwina chingachire. Sindikulonjeza. Pafunika dothi la pachulu, madzi a kumjigo, minsi, ndi miyendo yambiri. Koma osati pa dzuwa ili, dongo lingaume tisanaponde. Lipendeke kaye." Anamanganso chitenje chawo. "Ndipo lero n'tsiku langa, chimtali sindisiyira dzenje. Uwapatse thobwa akhale pansi. Asasambe ayi, anthu awaone bwinobwino."

Chilango chake chinali chimenecho. A Misheck anakhala pabenchi kutsogolo, matope akuuma n'kumang'aluka pakhungu, kapu ya thobwa m'manja. Aliyense wodutsa anali ndi mawu. Wina anati aphunzitsi apeza mgodi. Gogo wina anawaponyera chitumbuwa nati adye, okumba manda sakhala ndi njala. Poyamba kuseka kulikonse kunkawalasa. Koma m'mene nthawi inkapita anazindikira kuti palibe amene ankawaseka mwaudani. Amuna a mabanja awiri aja, eni madzi anzawo, anabwera ndi nkhope zolimba, anafunsa kukula kwa bowo, anapukusa mitu, kenaka mmodzi anakhala nawo pabenchi pomwepo n'kuwagawira nzimbe.

Mganda utalowa, ngakhale munthu wa nkhawa sakanatha kukhala osagwedeza phazi. Mizere inayi ya amuna ovala zoyera mbee inatulukira kuseri kwa golo, mabadza, malipenga a zipanda aja, akulira ngati njuchi zolusa, ng'oma ya Eric ikugunda mpaka m'chifuwa. Ankaponya mwendo pamodzi, kutembenuka pamodzi, kuwerama pamodzi, amayi akululutira n'kumathamangira kukawapukuta thukuta. A Misheck anadzidzimuka akuwomba m'manja, dothi louma likuyoyoka. Mudzi wawo unakhala wachiwiri, ndipo Eric ananena poyera kuti wawaluzitsa ndi mlamu wake, chifukwa mzere wakutsogolo ukamuyang'ana unkalephera kuugwira mtima.

Dzuwa litapendeka, Eric sanamasule ng'oma. Anaikoleka pamimba n'kufuula kuti, "Anyamata, gule sanathe! Bwalo lachiwiri lili kudambo!" Ndipo anthu anaona chimene chinali chisanaonekepo: mganda wathunthu ukutsika njira ya kudimba uli pamzere, kumbuyo kwake amayi a chimtali atasenza mabeseni, ndowa ndi minsi, ndi anthu ena a midzi ina amene anangotsatira kuti akaone mapeto ake.

Pampanda wa dimba amunawo anavula nsapato ndi masokosi n'kuzipachika bwinobwino pamitengo. Ena anapita kukagumula chulu cha kumtunda. Amayi anatuta dothilo, ena anathamangira kumjigo. Analithira pamalo osalala, analisakaniza ndi makande amene a Misheck anafukula, anathirapo madzi, ndipo ng'oma inayamba. Amuna khumi ndi awiri analowa m'matopemo n'kumaponda ndi masitepe a mganda omwe aja, makabudula oyera akusanduka a mawangamawanga. Akazi awo ankakuwa kuti akachapa okha. Nyimbo inabadwa pomwepo, sindikudziwa anaiyamba ndani:

"Aphunzitsi akumba, madzi athawa,
Afunse ndani, buku alisiya kwawo!"

A Misheck anaimva ali m'dzenje, munsi uli m'manja. Iwo ndiwo anapempha ntchito ya pansiyo, ndipo palibe anawakaniza. Anachotsa udzu ndi thumba lija, analandira dongo lopondedwa m'mabeseni, analiyala, analisinja. A Nachisale anakhala pamwamba atapereka msana, malamulo akudzera mwa Olive.

"Uwauze asathire lambiri nthawi imodzi. Pang'onopang'ono, kusinja, kenaka lina."

"Uwauze m'mbalimo, polumikizana ndi dongo lakale. Madzi ndi mbala, amadzera pamsoko."

Anayala kachiwiri, anayala kachitatu. Matuza anatuluka m'manja a choko aja, anaphulika, koma munsi sunaime. Eric anatsikiramo kuti awalandire, iwo anakana. Eric anawayang'ana m'manjamo. Anangotenga munsi wina n'kuyamba kusinja pambali pawo.

Pomaliza a Nachisale anauza onse kuti atuluke. Anakwinya chitenje chatsopano chija, anatsika masitepe okha, anagwada, n'kuyamba kusalaza pansipo ndi mwala monga amachitira pozira nyumba. Atamaliza anakwera, ndipo onse anazungulira dzenjelo n'kumayang'ana. Timizere ta madzi tinatsika ndi khoma, tinakumana pakati, tinapanga kathamanda kakang'ono ngati mbale ya ndiwo. Kanakhala. Wina anayamba kululutira koma mayiwo anakweza dzanja.

"Musafulumire. Dongo limanama likadali lonyowa." Anathyola bango n'kulizika pambali pa kathamandako. "Chikagona ndi madzi, chachira. Chikamwa, tidzala nthochi zina."

Madzulo amenewo anyezi sanagone ndi ludzu. Eni zitsime za kumunsi kwa dambo anapereka aliyense makheni awiri atatu, ndipo anthu a kuchikondwerero anathirira asanabalalike. Koma aliyense ankadziwa kuti zimenezo n'za tsiku limodzi. Mwezi wa Okutobala palibe chitsime chokhala ndi madzi oti n'kusamalira mabanja atatu owonjezera.

M'mawa mwake kunali sukulu. A Misheck anavala malaya ndi tayi, manja atakulunga nsanza, ndipo m'malo molunjika kumsewu anakhotera kudambo. Atafika pampanda anaima. A Nachisale anali atafika kale, ataima pamphepete pa chitsime, msana uli kwa iwo. Olive panalibe. Panalibe wina aliyense.

Mwambo unkati abwerere, akadikire kuti uthenga uwapeze. Khalidwe lawo lakale linkati azungulire kuseri kwa bango, akasuzumire okha mayiwo akachoka. Kuchokera pampandapo madzi sankaoneka, ndipo msana wa munthu suuza kanthu. Anaima pamenepo, belu la kusukulu likuyandikira. Kenaka ananjuta, anawomba m'manja mwaulemu ngakhale munkawawa, ndipo mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa zaka.

"Amayi, pepani. Kodi madzi agona?"

A Nachisale sanatembenuke msanga. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, ngati akufuna Olive woti amutume. Atamusowa anatembenuka n'kuwayang'ana a Misheck m'maso.

"Bwerani mudzaone nokha, apongozi."

Anapita. Madzi analimo. Anali ofiirira, a matope, osafika pamene ankafika kale, koma anali atakwera mpaka sitepe yachiwiri, ndipo bango lija linkangooneka kansonga. A Misheck anamva misozi ikubwera ndipo sanaibise. Anatola kheni mwachangu, anatsika sitepe imodzi, kenaka anaima mwendo uli m'malere.

"Nditunge angati?"

"Asanu ndi limodzi okha. Otsalawo akhale, alemere dongo likhwime. Mawa tiwonjezera."

"Ndiyambire bedi liti?"

Apa a Nachisale analephera kupirira. Anaseka mpaka kugwira m'mawondo.

"Mafunso atatu m'mawa umodzi! Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkayesa mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wodziwa zonse. Yambirani la kumtundalo, ndi limene limauma msanga. Ndipo mukamaliza muthamange, ana a eni akudikira."

Anyezi anapulumuka, kupatula mabedi awiri a kumapeto amene anapserera m'masiku amene chitsime chinkachira. A Misheck anawalima okha mabedi awiriwo n'kudzalamo mpiru, atafunsa kaye kuti pamenepo pamayenera chiyani. Tsiku limenelo anafika kusukulu mochedwa, tayi ili ndi dontho la matope, choko chikuwavuta kugwira. Mtima wothandiza anali nawo kuyambira pachiyambi, mphamvu anali nazo, piki inali yakuthwa. Chimene chinasowa ndi kutsegula pakamwa pokha, pakhomo pomwe ngakhale mwana wa zaka zisanu akanawayankha. Uchi unali pafupi, koma akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.